Kagalimoto Kachikasu ka ba Cephas

Ketty anakhala ndi kagalimotoko pabwalo pake zaka zisanu ndi zitatu asanakaonepo kakuyenda. Kanafika ku Kalingalinga katakwera kumbuyo kwa lole, kopanda matayala, mipando itadyedwa ndi makoswe. Amuna ake, ba Cephas Tembo, anakapeza kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area, kumene ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Mwini wake anali atachoka kalekale, ndipo a pamalopo anangokondwa kuti papezeka munthu wowachotsera chiphakasacho.

Kanali kagalimoto kotsika pansi, kopanda denga, ka mipando iwiri yokha, ka mtundu uja anthu amasunga chifukwa chongoukonda. Ketty atakazungulira kamodzi anafunsa kuti thumba la makala likakwera pati. Ba Cephas anayankha kuti galimoto zina sizonyamulira katundu, n'zongosangalatsa mtima. Iye anangobwerera ku makina ake osokera, pakuti ntchito yake inali yosoka nsalu zokutira masofa amene akalipentala a m'mbali mwa msewu waukulu amapanga.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ba Cephas ankakhala pansi pa kagalimotoko, panja pakuoneka mapazi okha. Anawotcherera pansi ponse pamene panali patadyeka ndi dzimbiri, anaphwasula injini n'kuika tizitsulo take m'zitini za mafuta ophikira, ndipo chaka china nkhuku ya aneba inaswera anapiye kumbuyo kwa mpando, ntchito n'kuima masabata atatu chifukwa iwo anakana kuisuntha. Ketty ankadandaula kuti bwalo lake lonse lanunkha girisi, komabe ndi iye yemweyo amene anasoka mipando yatsopano ndi zotsala za nsalu yakuda yonga chikopa. Atamaliza anati wachita zimenezi chifukwa zotsalazo zinkangodzaza malo m'nyumba.

Chaka chatha ba Cephas anagwa kubafa ndi sitiroko. Mulungu anawakomera mtima: pakamwa panabwerera, mwendo unalimbanso, koma dzanja lamanzere linatsala lofooka. Linkagwira kapu, koma silinkatha kufinya kanthu. Ntchito anasiya. Ankatulutsa mpando m'mawa n'kukhala pafupi ndi kagalimoto kaja, kali kovundikira ndi tenti, osakakhudza n'komwe. Ketty akafuna kuwamangira mabatani a malaya ankakwiya, ndipo iye anaphunzira kuyang'ana kumbali mpaka amalize okha.

Amene anawadzutsa pampandopo anali mnzawo wa kuubwana, ba Moven a ku Mtendere, dalaivala wa takisi wopuma ntchito, wamkulu mimba ndiponso wamkulu mawu. Iwo anali ndi kagalimoto kawo kobiriwira ka mtundu wofananako, ndipo ankauza aliyense kuti chigulireni sikanawagonekepo panjira. Tsiku lina anabwera ndi nkhani yoti eni magalimoto akale othamanga adzakumana mwezi wa June pa famu ina ya kumsewu wa Leopards Hill, ndipo iwo alembetsa kale dzina la ba Cephas. Ba Cephas anakalipa kuti munthu salembetsa mnzake osamufunsa. M'mawa mwake Ketty anawapeza atachotsa tenti ija.

Miyezi itatu amuna awiriwo anagwira ntchito limodzi, wina akulamula, wina akumanga, onse akukangana. Mwana wawo Tamara anayendetsa za mapepala a pamsewu. Lachinayi la sabata ya msonkhanowo injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda pa zovala zimene Ketty anayanika, kenaka inalira bwinobwino. Ba Cephas anaima atagwira chitseko akuimvetsera. Ketty ananamizira kuthamangira zovala zake.

Za kupita nawo iye anali atakana kale. Anati ali ndi masofa awiri oti amalize, ndiponso sakufuna kukaima pakati pa anthu olemera a ku Kabulonga n'kumayang'anidwa nsapato.

Loweruka m'mawa, dzuwa litangotuluka ndipo kakuzizira ka June kali m'mafupa, Ketty anamva injini ikulira panja. Inalira pang'ono n'kuzima. Posakhalitsa fungo la petulo linalowa m'nyumba mpaka kukhitchini. Atasuzumira pawindo anaona amuna ake atawerama pa injini, atavala kale malaya oyera amene iye anawasita dzulo lake.

Vuto linali pa kabuleta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Pansi pake pali kambale kosunga petulo, ndipo pakati pa kambaleko ndi thupi lake pamakhala gasiketi, kapepala kopyapyala kotseka mpata. Gasiketi yakaleyo inali itauma n'kung'aluka, petulo n'kumadontha pafupi ndi chitsulo chotentha cha utsi. Kuyenda choncho kunali kuitana moto. Yatsopano ya galimoto yakale ngati imeneyo siikanapezeka m'shopu iliyonse m'mawa umenewo, ndipo msonkhano unkayamba teni koloko.

Ba Cephas anali ndi kachidutswa ka pepala lochindikala lodulira magasiketi, kakakulu ngati chikuto cha buku la nyimbo. Anakaika pa njerwa, anasanjikapo gasiketi yong'alukayo, n'kuyamba kudula ndi lezala. Dzanja lamanja linkadziwa ntchito, koma lamanzere, limene linayenera kupanikiza pepalalo, linkalilola kutsetsereka. Yoyamba inatuluka yokhota. Yachiwiri inang'ambika pakona atatsala pang'ono kumaliza. Pepala linatsala lokwana imodzi yokha.

Ketty anaona zonsezi ali pawindo. Anaona amuna ake akuika lezala pansi n'kuyang'ana dzanja lawo lija ngati munthu amene akuyang'ana mwana wosamva. Ankadziwa kuti akatuluka n'kunena kuti awathandize, iwo avundikiranso tenti, ndipo nkhani ithera pomwepo. Ndiye anatenga sizasi yake yaikulu, ija palibe m'nyumbamo amaloledwa kuigwira, natuluka nkhope itachita tsinya.

"Atate ake Tamara, ndani anakuphunzitsani kudula vinthu popanda pateni? Mungoononga chabe. Wophunzira wanga akachita so nimupitikitsa."

"Iyi si nsalu, amake Tamara."

"Chilichonse chodula na sizasi ni nsalu. Nipatseni kambale kaja."

Ba Cephas anang'ung'udza kuti akazi osoka amadziona ngati amadziwa zonse, koma kambaleko anapereka. Ketty anaviika chala m'mafuta akuda a injini, anapaka m'mphepete mwa kambale, n'kukadinda papepala lija monga amachitira akafuna kutenga maonekedwe a mkono wa sofa. Atakachotsa, mzere wonse unatsala papepalapo, ndi malo a timabowo tinayi ta masikuluwu. Anakhala pakhonde, anavala magalasi, n'kuyamba kudula pang'onopang'ono, akutembenuza pepala m'malo motembenuza sizasi. Timabowoto anaboola ndi kachitsulo kake koboolera malo a mabatani a masofa. Amuna ake anaima pambali pake akumuuza kuti asamale pakona, ndipo iye anawauza kuti asamutsekere kuwala.

Gasiketiyo inakhala pamalo pake ngati inabadwira pomwepo. Ketty anagwira kambale kunsi, ba Cephas akumanga masikuluwu ndi dzanja lamanja, ili kenaka la kutsidya, kuti kambale kakhale mofanana. Mitu yawo inagundana kawiri pansi pa boneti. Injini italira, ba Cephas anapisa kansalu koyera kunsi kwa kabuleta, anadikira, n'kukatulutsa kali kouma. Anakayang'ana mbali zonse ziwiri, kenaka anati ntchitoyo siinaipe kwenikweni kwa munthu woyamba kumene. Ketty anayankha kuti malaya awo ada pamkono, ndipo iye sasitanso ena.

Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka hutala. Ba Moven anali afika, ndipo monga mwa masiku onse anaimika kagalimoto kawo kobiriwira kumsewu n'kulowa wapansi, atavala kapusi ndi magalasi akuda. Anamva za gasiketi, anagwira Ketty chanza ndi manja awiri, nati tsopano atulutse galimoto nthawi yatha. Anatsegula geti n'kuyamba kuyenda chammbuyo akukodola ndi manja. Atayenda mapazi khumi anaima, anayang'ana pansi, n'kuvula magalasi.

Zaka ziwiri zapitazo m'kanjira kawo munakumbidwa ngalande yamadzi a mvula, yakuya kufika m'chiuno, yomangidwa ndi simenti. Pakhomo la a Tembo anaikapo kamlatho kokwana munthu ndi wilibala. Onse atatu ankawoloka kamlathoko tsiku ndi tsiku. Ba Moven ankasiya galimoto yawo kumsewu chifukwa cha ngalande yomweyo. Koma pa miyezi itatu yonse yokangana za mapulagi ndi mabuleki, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo kuti kachikasuko kanalowa pabwalopo ngalande isanakumbidwe.

Ketty anaseka mpaka anakhala pansi pa chitini cha maluwa. Ba Moven nawo anayamba kuseka mimba ikugwedezeka. Koma atayang'ana amuna ake, Ketty anaona kuti iwo sakuseka. Anali atazimitsa injini, manja ali pamiyendo, akuyang'ana ngalandeyo. Iye anapukuta misozi, anamanga bwino chitenje, n'kuwoloka kamlatho kulunjika kumsewu waukulu.

Anapita kwa ba Chishimba, kalipentala amene wakhala akumusokera nsalu za masofa kwa zaka zambiri. Anawapeza akupala thabwa, ndipo kumbuyo kwawo kunali matabwa anayi ochindikala a mukwa, oti apangire munthu wina thebulo lodyera. Ba Chishimba atamva pempholo anagwira kumutu. Anati matabwa amenewo si a mlatho, akathyoka mwini wake adzawadya amoyo. Ketty sanatsutse. Anangowakumbutsa kuti ndi ba Cephas amene anawotcherera geti la shedi yawo usiku umene akuba analithyola. Ba Chishimba anapuma mozama, anaika chopalira pansi, n'kuitana anzawo a m'mashedi oyandikana.

Anayala matabwa awiriawiri mosanjikiza, anayeza ndi tepi kutalikirana kwa matayala, n'kufunditsa pamwamba ndi makatoni kuti mukwa usade. Anagwirizana kuti injini isalire, galimotoyo ingokankhidwa. Ba Cephas anakhala pachiwongolero, amuna asanu kumbuyo, ba Moven kutsogolo akulamula ngati wapolisi wa pamsewu. Anthu a m'kanjiramo anatuluka, amayi ogulitsa tomato anasiya matebulo awo. Matayala akutsogolo atafika pakati, thabwa limodzi linalira. Ba Chishimba anatseka maso. Kagalimotoko kanapitirira pang'onopang'ono mpaka matayala onse anayi anaponda dothi la kutsidya, ndipo amayi aja anaimba nthungululu ngati mkwatibwi watuluka.

Apa aliyense anaganiza kuti zovuta zatha. Ba Cephas analiza injini, anaponda kilatchi, n'kutambasula dzanja lamanzere kuti alowetse giya yoyamba. Giya ya galimoto imeneyo inali yolimba. Pabwalo paja amene ankaiyesa anali ba Moven. Dzanja linafika pachigwiriro, linakankha, n'kutsetsereka. Anayesanso. Kachitatu anathandizira ndi phewa lonse, koma giya inangokukuta mano osalowa. Anthu ena anayamba kuyang'ana kwina.

Ba Moven anawerama pachitseko n'kulankhula motsitsa mawu, zimene sizinali zachizolowezi kwa iwo. Anati asiya yawo yobiriwira kwa ba Chishimba, ayendetse iyi, ba Cephas akhale pambali ngati bwana. Anali kunena zochokera pansi pa mtima, ndipo Ketty anadziwa kuti munthuyo wapukuta galimoto yake sabata yathunthu. Koma ba Cephas anapukusa mutu. Anati zaka zisanu ndi zitatu sanagonere pansi pa galimoto kuti akafike kumeneko atanyamulidwa ngati katundu. Anatambasula dzanja kuti azimitse injini.

Ketty anatsegula chitseko cha kumanzere n'kukhala pampando, ali ndi chitenje chake cha panyumba ndi mafuta akuda kuchala. Mpandowo unali wotsika kwambiri moti anamva ngati wakhala pamsewu penipeni. Anaika dzanja lake lamanja pachigwiriro cha giya.

"Imwe pondani vanu va pansi. Ine niuzeni chabe kuti nikankhire kuti."

"Munati muli na masofa awiri."

"Masofa sathawa. Yoyamba ili kuti?"

Ba Cephas anabweza dzanja, injini osaizimitsa. Kenaka anajambula ndi chala pabondo lake: yoyamba kumanzere kutsogolo, yachiwiri kumbuyo kwake, yachitatu pakati n'kupita kumanja kutsogolo. Anaponda kilatchi nati, "Manje, kankhani." Ketty anakankha ndi dzanja limene lakhala likukoka nsalu zolimba kwa zaka makumi atatu, ndipo giya inalowa mosavuta. Kagalimotoko kanadumpha kamodzi ngati mbuzi, n'kuyamba kuyenda. Mkazi wa aneba anathamanga pambali n'kuponyera Ketty nsapato zake za kutchalitchi ndi juzi.

Mtunda woyamba unali wa mkangano wokhawokha. Pa mphambano ina Ketty analowetsa yachitatu m'malo mwa yoyamba, injini n'kuzima, dalaivala wa minibasi kumbuyo n'kumaimba hutala mpaka ba Moven anatulutsa mutu m'galimoto yawo yobiriwira n'kumulalatira. Ba Cephas anati amachedwa, iye anati iwo ndi amene amanena mochedwa. Koma atadutsa Kabulonga, msewu utatambasuka ndipo mitengo ikuthamangira kumbuyo, Ketty anayamba kumva yekha pamene injini yatopa ndi giya imene ilimo, monga amamvera makina ake akafuna mafuta. Phazi la amuna ake likatsika, dzanja lake linali litasuntha kale. Mphepo inamulanda duku, ndipo sanatembenuke n'komwe kuliyang'ana. Ataponya diso kumanja anaona ba Cephas akumwetulira mbali imodzi ya pakamwa, ija inachira bwino, tsitsi lawo laimvi litaima.

Anafika msonkhano utayamba kalekale. Pa kapinga panali magalimoto oposa makumi atatu, onyezimira ngati sanapondepo fumbi, eni ake atakhala pamipando yopinda. Ketty anavala nsapato zake ali m'galimoto. Koma anthuwo sanayang'ane nsapato za aliyense. Atangomva kulira kwa injini anadzuka n'kuzungulira kachikasuko. Mayi wina wachikulire dzina lake Mpundu, amene ankayendetsa mwambowo, anapempha kuti atsegule boneti, ndipo anagwada pa kapinga ndi thalauza lake loyera kuti aone mmene pansi panawotcheredwera. Atafunsa kuti ntchitoyi inachitikira ku galaji iti, ba Cephas anayankha kuti ku Kalingalinga, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala.

Tsiku limenelo ba Cephas analankhula kuposa mmene analankhulira chaka chonse chathacho. Anafotokoza za zitini, za dzimbiri, za ngalande, ndipo aliyense wobwera ankamuonetsa m'mphepete mwa kapepala kotuwa pansi pa kabuleta n'kuloza kwa mkazi wawo. Pogawa mphoto za tsikulo, iwo sanalandire. Ya galimoto yokongola inapita kwa dokotala wina, ya wochokera kutali kwa bambo wa ku Kitwe. Iwo sanadandaule. Anadya nyama yowotcha ndi dzanja limodzi, ndipo mbale itayamba kupendekeka analola Ketty kuwagwirira, osakwiya.

Ananyamuka dzuwa likadali m'mwamba, ba Moven patsogolo kuti aonetse njira yachidule yodzera ku Kalikiliki. Atangolowa m'fumbi la kumeneko, kagalimoto kobiriwira kaja kanayamba kufuka nthunzi kuboneti, kanayenda pang'ono, n'kuima kutsogolo kwa malo ogulitsira njerwa. Lamba wozunguza pampu yamadzi anali ataduka. Ba Moven anatuluka, anayang'ana injini, kenaka anayang'ana kumwamba.

Ba Cephas anatsika mosafulumira, anazungulira galimoto ya mnzawoyo manja ali kumbuyo, n'kufunsa mwaulemu kwambiri ngati imeneyi ndi ija siinagonepo panjira. Wogulitsa njerwa anawabwereka chingwe. Anamanga kobiriwira kumbuyo kwa kachikasu, ndipo ba Moven, asanalowe m'galimoto yawo, anabwera kumbali ya Ketty atagwira kapusi m'manja.

"Ba mulamu, napapata chonde, musapitirire yachiwiri. Mabuleki anga sagwira bwino injini ikazima."

Anayenda choncho mpaka ku Mtendere, liwiro la munthu wothamanga pang'ono, anthu akuima m'mbali mwa msewu kuonerera. Ba Virginia, akazi a ba Moven, anali pakhomo akusankha nyemba pamene magalimoto awiriwo anakhota, ndipo ataona amuna awo akubwera pachingwe anaika lichero pansi kuti aseke bwino. Anakana kuti alendo abwerere osamwa tiyi. Amuna awiriwo anatsalira panja, mitu ili m'boneti yobiriwira, akukangana za kukula kwa lamba woti akafune Lolemba. Ketty analowa m'nyumba, anapempha sopo ndi madzi ofunda, ndipo akusamba m'manja anauza ba Virginia kuti phewa lamanja likumuwawa, komanso kuti giya yachinayi sanaiyese bwino chifukwa msewu unatha msanga.